Mgolo wa pamaliro a Fyson

Munthu wolimbikira ntchito kwambiri pamaliro ine sindimukhulupirira. Ndinene poyambirira pomwe kuti musadzati Bridget anabisa. Anzake akulira, iye ali pikitipikiti ndi tsache uku akusuzumira m'zipinda, ine ndimadziwa kuti akuwerenga mipando. Ndiye Marjorie atatsika minibasi ya ku Rumphi, n'kulira pang'ono chabe pakhomo, kenako n'kumanga chitenje m'chiuno kufunsa kumene kuli ndowa, ndinamuika diso nthawi yomweyo.

Marjorie ndi mchemwali wake wa Fyson Gondwe, mwamuna wa mng'ono wanga Keziya. Fyson ankayendetsa njinga yamoto ya kabaza, ndipo lole inamupeza pamphambano mvula ikugwa. Anasiya Keziya, kanyumba kamalata pachitunda cha ku Masasa kuno ku Mzuzu, ndi mwana mmodzi wamkazi, Wiza, wa zaka zinayi. Ife ndife a ku Dedza, kwathu mwana ndi wa mayi ake. Kuno kumpoto malowolo akaperekedwa, mwana ndi wa kuchimuna. Keziya ankazidziwa zimenezi pokwatiwa, koma munthu akakonda samva.

Nkhani ya mwanayo inayamba mtembo usanalowe n'komwe m'manda. A Shadrick, bambo aang'ono a Fyson, anatiitanira kuchipinda kumene Keziya anakhala pamphasa, n'kuyankhula mofatsa ngati akutipatsa mphatso.

"Mwana withu uyu, tikasesa tipita naye kukaya, ku Rumphi. Sukulu iliko, ng'ombe ziliko. Keziya akali mwanichi, ngwamng'ono, akwatiwanso."

Keziya anangolira. Ine pakamwa panga sipadikira chilolezo.

"Adada, mukamugwira mwana ameneyu muona chimene chinameta nkhanga mpala."

Anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo mawu angawo anawasunga bwinobwino. Tsiku lomwelo ndinamutenga Wiza n'kukamusiya kwathu ku Chiputula, m'manja mwa mayi woyandikana nane. Ndinati pasiwa si pamalo pa ana. Zoona zake sindinkafuna kuti a Gondwe amuzolowere.

Fyson akali moyo anati adzaikidwe m'tauni momwemu, pafupi ndi bambo ake. M'mawa wa tsiku loika malirolo mipopi ya kuchitunda kuja inauma gwa. Zimachitika, ndipo anthu a ku Masasa amadziwa chochita. Pamaliro nyumba iliyonse imatumiza ndowa. Kuseri kwa nyumba kunaima migolo iwiri, wabuluu wa madzi akumwa, wakuda wa madzi otsukira mbale. Amayi anakandandika pa kiyosiki kumtunda kumene madzi ankadonthabe pang'onopang'ono, ndowa imodzi kudzaza ngati ikuganiza kaye. Ndipo pamaliro munthu akafika ndi ndowa pamutu umangoti yewo chomene, n'kumuthandiza kutula. Sufunsa kuti watunga kuti. Kufunsa kumeneko n'kutukwana.

Marjorie ndiye anali mfumukazi ya ndowa. Ndikatembenuka, uyo akutula. Ndikatembenukanso, uyo wabwera ndi ina, thukuta lili kamukamu. Amayi a mpingo mpaka anamuyamikira kuti mchemwali wa malemu ndi wamphamvu chomene. Ine ndinati m'mtima, onetsa bwino, kuti anthu adzati abale a Keziya ndi alesi. Keziya ngati wamasiye sankaloledwa kugwira mphika kapena ndowa, kapenanso kutuluka panja mpaka tsiku losesa. Chakudya sichinkatsika, ankangomwa tiyi. Ine ndimagulitsa kaunjika pamsika, ndipo ndinazolowera kuyenda ndi botolo langa la madzi ochokera kunyumba. Ndinali nalo m'chikwama pamaliro ponse.

Titaika maliro, m'mawa mwake a Shadrick anayamba kuthamangira kuchimbudzi. Ndisaname, ndinaseka chamumtima, ndinati ndi nyemba za pamaliro zija. Koma dzuwa lisanafike pamutu asuweni awiri a Fyson anagona pakhonde. Kenako mayi ake a Fyson, apongozi a Keziya, anayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba nthawi imodzi, madzi okhaokha oyera ngati otsukira mpunga. Pofika madzulo maso awo anali atalowa m'kati, mawu atatha. Uthenga unabweranso woti amayi ena a kwaya ali chigonere m'nyumba zawo. Kuseka kunandithera. Tinapeza galimoto, odwala anapita kuchipatala, ndipo Marjorie anapita nawo kukadikirira mayi ake.

Otsala pakhomo anayamba kunong'ona. Ankanong'ona m'Chitumbuka poganiza kuti ine wa ku Dedza ndine nkhuni, kuiwala kuti m'Mzuzu muno ndakhalamo mpaka imvi zayamba. Wamasiye bwanji sakudwala? Bwanji ankakana madzi, kumangofuna tiyi? Mkulu wake uja bwanji amayenda ndi botolo lakelake? Ndipo suja anawauza adada kuti aona? Ndikalowa m'khitchini nkhani inkaduka. Ndikagwira chikho, maso onse pachikhopo.

Nanenso ndinali ndi mafunso anga. Ndani anazungulira mgolo wabuluu kuposa wina aliyense? Marjorie. Ndani mwa a Gondwe anali bwinobwino, ngakhale mutu osamupweteka? Marjorie. Ndinaganiza kuti wathira kanthu kuti anthu adwale pang'ono, mlandu ugwere Keziya, mwana apite popanda wotsutsa, koma dzanja linalemera mpaka kupweteka mayi ake omwe. Ndinamunong'oneza Keziya zimenezi. Iye anati, "Achemwali, musiyeni, munthu sangatero." Keziya ndi wotero, ngakhale njoka amaiona ngati lamba wotayika.

Alangizi a zaumoyo anabwera Marjorie ali kuchipatala. Anati ndi kolera. Anataya madzi onse a m'migolo, anapopera mankhwala m'chimbudzi ndi pakhonde, n'kufunsa amayi a m'deralo mmodzimmodzi kumene anatunga. Aliyense anati pa kiyosiki. Alangiziwo anayang'anana, anati madzi a pa kiyosiki awayeza ndipo alibe vuto, ndiye pali wina amene sakunena zoona. Anasiya botolo la kolorini n'kundionetsa muyeso wothira m'ndowa. Abale a Fyson anagwedeza mitu mwaulemu. Alangizi atangokhota pakona, mlamu wina anati, "Kolera wosankha a Gondwe okha?" Amayi a kwaya aja anangowaiwala dala.

Keziya analirira mwana wake mpaka ndinakamutenga ku Chiputula. Madzulo ake Marjorie anabwera kudzasamba, atasiya mlamu wina kuchipatala. Anandipeza kuseri kwa nyumba, nditawerama, ndikuthira kolorini m'ndowa ya madzi akumwa. Mayo ine, kukuwa kwake!

"Nakuwonani! Ndakuonani ndi maso anga! Bwerani mudzaone!"

"Alamu, ndi kolorini uyu, asiya a zaumoyo. Nunkhizani."

Ndinamufikitsa botolo pamphuno. Analikankha.

"Yayi! Poizoni nayenso amanunkha. Mwamaliza amama, tsopano mukufuna mwana wa Fyson kuti tisapite naye."

"Ine ndiphe mwana wa mng'ono wanga? Mutu wanu ukuyenda bwino?"

Abale ake anaona alangizi aja ndi maso awo, anamva zonse, koma palibe anatsegula pakamwa kundiikira kumbuyo. Marjorie anamutsomphola Wiza pakhonde n'kumubereka kumbuyo ngati khanda, miyendo ili lendelende. Kuchipatala sanabwererenso, anati alondera mwana. Kuyambira pamenepo Wiza ankadya chokhacho chimene waphika ankhazi ake, ndiye kuti azakhali m'chiyankhulo cha kuno, ankagona ndi ankhazi ake, ndipo ndowa yathu sankayandikira. Ndinaganiza kuti akumugulira madzi a m'botolo pa okala. Keziya ankamva mwana wake akulira kuseri kwa khoma, iye ali pamphasa, amayi achikulire atakhala pakhomo la chipinda. Zinandiwawa kwambiri.

M'mawa mwake ndinapeza Marjorie ndi mwana palibe. Ndinati basi athawira kudepoti. Ndikumanga nsapato, awo akubwera, Marjorie atanyamula kanthu kokulunga m'chitenje, mapazi ali matope okhaokha. Ndinafunsa kumene anapita. Anandidutsa ngati ndine mtengo. Ndinamufunsa Wiza, Marjorie anamubweza ndi dzanja. Apa ndinati ndadziwa, akupita naye kwa sing'anga kukamutema mphini kuti aiwale mayi ake.

Tsiku lotsatira ndinafika m'mamawa n'kubisala kuseri kwa mpanda wa oyandikana nawo. Kunali kamvula kaja ka ku Mzuzu kosagwa kosaleka. Anatuluka, mwana kumbuyo, kamtolo m'manja. Sanalowere kumsewu. Anatsetsereka ndi kanjira ka kumunsi, ine pambuyo, ndikugwira udzu kuti ndisaterereke padothi lofiira lija. Amene amadziwa Masasa akudziwa mmene nyumba zinakhalira, ina pamwamba pa inzake, ndipo aliyense chimbudzi chake amakumba kumunsi kwa pulotiyo, kumapeto kwenikweni. Ndiye kanjirako kamadutsa pakati pa zimbudzi zokhazokha, zina zamasaka, china chitagwa ndi mvula, dzenje lili yasa, zam'katimo zikutsika ndi ngalande. Ndinatseka mphuno ndi chitenje.

Pansi penipeni, padambo, pakati pa nthochi, pali chitsime chozunguliridwa ndi tayala lakale. Madzi ake ndi oyera mbee, kuposa a pampopi amene amabwera ofiirira mvula ikagwa. Aliyense wa kuchitunda kuja amadziwa kuti chitsime chimenecho n'chochapira ndi kuumbira njerwa basi. Palibe chikwangwani. Ulemberenji chinthu chimene ngakhale mwana wa mkaka akuchidziwa? Pamwala wa pambali panali Esme, mayi woyandikana ndi Keziya, akuchapa mabulangete.

Marjorie anatsitsa mwana. Anamasula kamtolo kaja. Ine ndinkayembekeza nsupa kapena mizu. Munali chigubu chakale cha mafuta ophikira ndi kapu yapulasitiki. Anatunga, anayang'ana madziwo padzuwa, n'kumupatsa Wiza.

Sindikudziwa mmene ndinadumphira ngalande ija. Ndinamenya kapuyo, inagwera mu nthochi, Wiza n'kuyamba kulira.

"Mukumumwetsa chiyani mwanayu? Mwapenga?"

"Maji!" anakuwa Marjorie. "Maji abwino, otunga ndekha ndi manja anga, opanda mankhwala anu. Mwanditsata kuti mudzathirenso muno?"

"Alamu, awa si akumwa! Simukuziona zimbudzi izo?"

"Zimbudzi zili uko, chitsime chili kuno. Taonani kuyera kwake. Kwathu chitsime choyera chonchi timachita kuchimangira mpanda." Anadzigunda pachifuwa. "Inu a m'tauni ulesi. Pamaliro a mdumbu wane Fyson munakandandika pampopi wouma, alendo akufa ndi ludzu. Ndani anadzaza mgolo uja? Ndine! Kutsika, kukwera, kutsika, kukwera, wopanda ondithandiza. Pompano!"

Ananena monyada, mutu uli m'mwamba. Ine ndinamufunsa.

"Mgolo uti?"

"Wabuluu. Wakumwa. Nanga anthu akanamwa chiyani?"

Esme anali atasiya kuchapa, thovu likudontha m'manja. Anayankhula motsitsa, ngati akupepesa.

"Mama, ife tinakuonani mukutunga. Tinkayesa ndi otsukira mbale, a mumgolo wakuda. Nanga munthu woferedwa, mlendonso, tikanamufunsa bwanji? Chitsime ichi ngakhale mano sititsukira. Chaka chatha chinagoneka nyumba yonse ya kuseri uko."

Marjorie anayang'ana Esme, anayang'ana ine, ngati akufufuza pamene tagwirizana bodza. Kenako anakweza maso pang'onopang'ono kutsata ngalande ija, kuchoka pamene imathera mu nthochi pafupi ndi tayala, kukwera mpaka pachimbudzi chakugwa chija. Anayang'ana nthawi yaitali. Anakhala pansi m'matope momwemo.

"Amama," anatero. "Ndinawatungira ndekha m'kapu. Anati ngozizira bwino."

Ndinali nditabwera ndi mawu odzaza dengu, koma panalibe nthawi. Ndinagwada pamaso pa Wiza.

"Wamwa kangati madzi amenewa, mwanawe?"

"Dzulo, ndi pogona, ndi podzuka," anatero akusisima. "Ankhazi anati madzi a amayi aakulu ndi oipa."

Dzuwa lisanapendeke Wiza anati m'mimba mukupota. Kenako zinayamba, madzi oyera aja. Keziya atamva kuchipinda sanapemphe chilolezo kwa munthu. Amayi achikulire aja anayesa kumugwira kuti wamasiye satuluka asanasese, anawakankha, mmodzi mpaka anagwera pa beseni. Anatuluka wopanda nsapato, mpango uli pakhosi, n'kumunyamula mwana wake. Marjorie anali atathamanga kale kumsewu, anaima pakati penipeni manja ali m'mwamba mpaka wa kabaza anaima. Keziya anali atalumbira kuti njinga yamoto sadzaikweranso moyo wake wonse. Anakwera osayang'ana n'komwe.

Kuchipatala odwala kolera anali mu tenti panja. Wiza anamugoneka pa bedi loboola pakati, diripi kudzanja, kamkono kake kakang'ono mpaka anamwino anavutika kupeza mtsempha. Agogo ake anali mu tenti momwemo, chakumapeto. Ife tinaima kunja kwa chingwe, ine uku, Marjorie uko, osayankhulana. Ndinapemphera mokalipa, ndinamuuza Mulungu kuti Fyson watenga kale, uyu ayi. M'mawa mwake Wiza anatsegula maso n'kupempha mandasi. M'mawa womwewo agogo ake anatsirizika.

Maliro a kolera alibe siwa. A zaumoyo anakulunga thupi m'pulasitiki, anaika okha atavala magolovesi, ife titaima patali. Marjorie sanaloledwe ngakhale kuwatseka maso mayi ake. Sanalire mokweza. Anangoima, manja ali lende.

Wiza atatuluka, a Shadrick nawonso anali atachira, thalauza likuchita kugwa m'chiuno. Tinasesa, kenako anaitanitsa bwalo pansi pa lona la pamaliro. Abale onse anakhala mbali imodzi, ine ndi Keziya mbali ina. Wiza anali pamiyendo pa Marjorie, ndipo pamapazi pake panali chikwama chomangamanga, kansapato ka mwana kakuonekera pazipi. Nditaona kansapatoko ndinati ndinadziwa ine, mfiti iyi ikhala chete. Za kuchitsime zija palibe wa kwawo amene anazimva. Esme ndinali nditamuimika kuseri kwa mpanda kuti adzachitire umboni, komabe ndinkadziwa mmene zithere: adzati wa ku Dedza wagula mboni. Pabwalo limenelo mawu anga anali opanda mtengo.

"Tinabwera kudzaika mwana withu mmodzi," anayamba a Shadrick, "taika awiri. Ine ndemwe ndabwerera pakhomo la manda. Ena anatilonjeza kuti tiona, ndipo taona. A chipatala ali ndi dzina lawo la matendawa, ife tilinso ndi maso. Sitikufuna milandu. Nyumba khalani nayo. Koma mwana sangakhale pakhomo pamene madzi amapha anthu. Tikunyamuka naye lero."

Keziya anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa. Ndinakoka mpweya kuti ndiyambe. Marjorie anaimirira, mwana ali m'manja.

"Adada, maji ghara nkhateka ndine."

Anabwereza m'Chichewa kuti ife timve, kapena kuti asadzathe kubweza.

"Madzi aja ndinatunga ndine. Pachitsime cha kudambo, pansi pa zimbudzi. Ndinadzaza mgolo wakumwa. Amama ndinawamwetsa ndine. Inu ndinakumwetsani ndine. Mwana uyu anali bwinobwino m'manja mwa awa, ndinamulanda, n'kukamumwetsa komweko. Keziya sanagwire ndowa. Alamu awa ankathira mankhwala oteteza, ine ndinawatukwana."

"Khala pasi, iwe," anatero a Shadrick. "Chisoni chakuzunguza mutu."

"Yayi, adada. Tiyeni ndikakuonetseni chitsimecho, mukamwe ngati ndikunama."

Palibe anadzuka. Mlamu uja wa kolera wosankha anayang'ana pansi. Marjorie anadutsa pakati pa bwalo, anagwada, n'kumukhazika Wiza pamiyendo pa mayi ake. Anabwerera, anatsegula chikwama chija, anatulutsa tinsapato, timadiresi tiwiri ndi kajuzi, n'kuziika pamphasa pafupi ndi Keziya.

"Ndalephera kusunga amama," anatero. "Mwana ndimusunga bwanji? Akhale ndi anyina."

A Shadrick anapempha ndodo yawo. Za mwana sanazitchulenso, ngakhale potsanzikana.

Ponyamuka abale onse anatsogola kukwera chitunda kupita kumsewu, ali gulu, osacheuka. Palibe anamudikira Marjorie, palibe anamulandira katundu, chonsecho anali ndi zikwama ziwiri, chake ndi cha mayi ake. Ndinkadziwa chimene akupita kukakhala nacho ku Rumphi, mudzi wonse ukudziwa amene anatungira mayi ake madzi. Akanatha kukhala chete, ndipo dzina loipa likanatsala kuno ndi ife. Mawu anga odzaza dengu aja ndinawafufuza, sindinapeze ngakhale limodzi. Ndinamva chisoni, ine Bridget, chisoni chenicheni, mpaka ndinakwiya nacho.

Anafika pakhomo la khitchini pamene ndinaima, anatula zikwama.

"Alamu, ndipatseniko maji. Ulendo ngutali."

Ndinatunga m'ndowa yathu ija. Kapu inkanunkha kolorini mpaka ine ndemwe ndinamva. Analandira ndi manja awiri. Sananunkhize, sanayang'anemo. Anamwa onse mpaka dontho lomaliza, anati yewo, n'kusenza zikwama zake yekha.